Mtima Ukaima Mwadzidzidzi: Ndondomeko Yoyenera pa Nkhani Yopereka Ziwalo

Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 42 wagwa pamsika ku Area 25 nthawi ili 10:05 m'mawa, anthu akuona, ndipo mtima wake waima. Zikanachitikira ku Madrid kapena ku Paris, madokotala n'kulephera kumudzutsa, impso zake ziwiri zikanatha kuikidwa mwa odwala awiri tsiku lisanathe. Kuno ku Lilongwe zotere sizichitika. Odwala impso amadalira makina otsuka magazi a dayalisisi ku Kamuzu Central Hospital, ndipo wofunika impso ina amapita kunja, kawirikawiri ku India, atatengana ndi m'bale amene wavomera kupereka yake ali moyo. Komabe nkhaniyi ikutikhudza. Madokotala ndi anamwino athu amakaphunzira ndi kugwira ntchito kumaiko kumene zimenezi zimachitika, mabanja ambiri ali ndi ana kunja ndipo tsiku lina foni ikhoza kulira usiku kufunsa chilolezo, ndipo amene adzalembe malamulo a kuno adzayenera kudziwa pamene pali mbuna.

Madokotala amasiyanitsa imfa zobwera chifukwa cha kuima kwa mtima potsata magulu anayi amene anakhazikitsidwa ku Maastricht, m'dziko la Netherlands, mu 1995. Gulu loyamba ndi la munthu wofika kuchipatala atamwalira kale. Lachiwiri ndi la amene anayesedwa kudzutsidwa koma zinakanika. Lachitatu ndi la wodwala wa mu ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) amene banja ndi madokotala agwirizana zomuchotsa pa makina, ndipo lachinayi ndi la amene ubongo wake unatsimikizidwa kale kuti wafa kenako mtima n'kuima. Pa gulu lachitatu anthu amakhala ndi masiku okambirana. Pa magulu awiri oyambawo, amene tikunena pano, palibe amene anakonzekera, banja nthawi zambiri kulibe, ndipo chilichonse chikuthamangitsana ndi wotchi.

Chifukwa chake wotchi ili yolimba chotere

Magazi akasiya kuyenda, ziwalo zimatsala zofunda koma zopanda okosijeni, ndipo zimayamba kuwonongeka pompo. Ubongo ndiwo umayamba: m'mphindi zinayi kufika zisanu ndi imodzi maselo ake amakhala atayamba kufa. Impso zimapirirako, chiwindi sichipirira kwenikweni, pamene mapapo amalimba nthawi yotalikirapo chifukwa amasunga mpweya m'timatumba take. Ku Spain amafuna kuti kuchokera pamene munthu wagwa kufika pamene ayamba kumupsinja pachifuwa pasapitirire mphindi 15. Ku France amalola mpaka 30. Kuchokera pa kugwa kufika pamene ziwalo zayamba kusungidwa, malire amene ambiri amatsata pa impso ndi mphindi 150. Kwa bambo wa ku Area 25 uja, ndiye kuti pofika 12:35 zonse zikhale zitachitika: ulendo wa kuchipatala, kuyesa kumudzutsa, kutsimikiza imfa, ndi kulowetsa machubu osungira ziwalo.

N'chifukwa chake kugwako kuyenera kukhala ndi mboni. Munthu wopezeka m'mawa atafa pabedi sawerengedwa pa nkhani ya impso, popeza palibe akudziwa kuti mtima unaima nthawi yanji. Namwino wolandira wodwala alembe nthawi zinayi, aliyense asanaganize n'komwe za ziwalo: pamene wagwa, pamene ayamba kumupsinja, pamene wafika, ndi pamene asiya. Nthawi yongoganizira alembe kuti ndi yongoganizira. Kuchotsapo mphindi khumi kuti munthu "akwane m'malire" ndi bodza limene limakaphulikira wolandira impso.

Choyamba: kudzutsa munthu mpaka pamapeto

Mfundo yaikulu pa ntchito yonse yoika ziwalo ndi yakuti kutenga chiwalo kusakhale chifukwa cha imfa, ndipo woperekayo akhale atamwalira kale. Pa imfa ya mwadzidzidzi mfundoyi imayesedwa pa funso limodzi: tisiye liti kudzutsa? M'maiko amene ali ndi ndondomekoyi, gulu lodzutsa limagwira ntchito yonse kwa mphindi zosachepera 30: kupsinja pachifuwa kosadukiza, chubu cha mpweya, mankhwala olimbikitsa mtima a adrenaline, ndi kugunda mtima ndi magetsi ngati kagundidwe kake kakulola. Lifufuzenso zifukwa zochizika, monga kutaya magazi, potaziyamu wochuluka, mpweya wotsekeredwa m'chifuwa, kapena madzi ounjikana mozungulira mtima. Munthu amene thupi lake lazizira kwambiri, kapena wamwa mankhwala ochuluka, mphindi 30 sizimukwanira. Anthu otere ena adzukapo patapita nthawi yaitali.

Dokotala wosankha kusiya asakhale wa gulu loika ziwalo, ndipo asakhale amene akusamala wodwala woyembekezera impso. Wogwirizanitsa za ziwalo, wachipatala amene amalumikiza banja ndi gulu loika ziwalo, aitanidwe chisankho chosiyacho chitapangidwa kale ndi kulembedwa. Pachipatala chokhala ndi madokotala ochepa, pamene munthu mmodzi usiku amayang'anira mbali zitatu, kulekanitsa kumeneku n'kovuta. Ngati sikutheka usiku umenewo, kupereka ziwalo kusachitike usiku umenewo.

Pali vuto lina limene lakula m'zaka zaposachedwa. Makina a ECMO, amene amatulutsa magazi m'thupi, kuwapatsa okosijeni ndi kuwabwezera, ndi omwewo amene amagwiritsidwa ntchito posunga ziwalo za womwalira, ndiponso ndi omwewo amene angapulumutse munthu amene mtima wake wakana kudzuka. Kafukufuku wa ku Minneapolis amene anatuluka mu 2020 anaonetsa kuti odwala ena osankhidwa bwino amapulumuka akaikidwa pa ECMO msanga. Choncho chipatala chimene chili ndi makinawo chifunse kaye ngati munthuyu angapulumuke nawo, ndipo yankho lilembedwe ndi zifukwa zake. Kukhala ndi ECMO yosungira impso koma yosapezeka kwa mwini impsozo ali ndi mwayi wokhala moyo ndi chinthu chimene sitingachiikire kumbuyo mwa njira iliyonse.

Mphindi zosakhudza thupi

Mukasiya kudzutsa, manja onse achoke. Chotsani thumba lopumira pa chubu kuti mpweya wotsekeredwa m'mapapo utuluke. Izi zili ndi chifukwa: kupopera mpweya mothamanga kumakweza mphamvu m'chifuwa mpaka magazi kulephera kubwerera ku mtima, ndipo mukasiya, mphamvuyo imatsika, adrenaline amene anatsalira m'mitsempha amafika ku mtima, ndipo mwa apo ndi apo mtima umayambanso wokha. Madokotala anazitcha dzina la Lazaro wa m'Baibulo.

Maiko amasiyana pa kutalika kwa kudikiraku. United Kingdom, Spain ndi France amadikira mphindi 5. Italy imafuna mphindi 20 za ECG (choyezera kagundidwe ka mtima) yosaonetsa kanthu. Kafukufuku wamkulu wa mu 2021, wochitikira ku Canada, Czech Republic ndi Netherlands, anapeza kuti nthawi yaitali kwambiri imene mtima unayambanso wokha inali mphindi 4 ndi masekondi 20. Koma chenjerani, odwala amenewo anali a gulu lachitatu, ochotsedwa pa makina popanda kupsinjidwa pachifuwa. Kwa amene anayesedwa kudzutsidwa, mtima wayambapo wokha mpaka pafupifupi mphindi 10. Ife tikuona kuti pa imfa ya mwadzidzidzi mphindi 10 ndiye zoyenera, ngakhale impso zitaluzapo mphindi zisanu zowonjezera.

Chala pa khosi sichikwanira kutsimikiza imfa yotere. Pakhale chubu choyezera kuthamanga kwa magazi mu mtsempha, kapena sikani ya mtima yoonetsa kuti suphiriphitha, pamodzi ndi kusapuma, maso osayankha kuwala, ndi kusamva kupweteka. Mtima ukangogunda kamodzi kapena munthu akapuma, kuwerenga kumayambiranso pa ziro, ndipo gulu lodzutsa limabwerera pabedi. Nthawi ya imfa ilembedwe pamapeto pa kudikirako.

Kusunga ziwalo banja lisanafike

Apa ndi pamene anthu ozama pa nkhaniyi amatsutsana kwambiri. Imfa ya bambo wa ku Area 25 uja yatsimikizidwa mwina 11:10, mayi a kunyumba ali mu minibasi pa Kanengo, malume ake a malemu ali ku Mitundu foni sakuyankha. Mukadikira onse, 12:35 idutsa ndipo ngakhale banja litafuna kupereka, palibe chotsala. Mukayamba osafunsa, mwaboola thupi la munthu popanda chilolezo.

Chimene chimachitika n'chotere. Dokotala amacheka pamphechepeche, n'kulowetsa machubu mu mtsempha wopititsa magazi ndi wobweza magazi. Amapereka mankhwala a heparin kuti magazi asaundane. Kenako pali njira ziwiri. Yakale ndi yothira madzi ozizira osungira ziwalo kudzera mu chubu chokhala ndi mabaluni awiri, amene amatseka mtsempha waukulu wa aorta pamwamba ndi pansi pa impso. Yatsopano, imene imapereka ziwalo zabwinopo, ndi yozungulitsa magazi ofunda okhala ndi okosijeni m'mimba mokha pogwiritsa ntchito ECMO, mpaka maola anayi. Pa njira yachiwiriyi baluni imafufumitsidwa mu aorta chapachifuwa kuti magazi asakwere ku mtima ndi ku ubongo.

Baluni imeneyo ndiyo yanyamula mlandu wonse. Tinanena kuti munthuyu wamwalira chifukwa magazi asiya kufika ku ubongo ndipo sadzafikanso. Baluni ikasuntha kapena ikaphwa, magazi ofunda n'kufika ku mutu, maziko a chitsimikizo cha imfa agwedezeka. Choncho malo a baluni atsimikizidwe ndi X-ray makina asanayatsidwe, ndipo pa mkono wamanzere pakhale chubu choyezera: mukaona kuti magazi akuyenda kumeneko, zimitsani makina pompo. Pa chifukwa chomwechi ambiri amakayikira mchitidwe wa m'zipatala zina woyambiranso kupsinja pachifuwa ndi makina imfa itatsimikizidwa kale, pofuna kusunga ziwalo podikira machubu. Kupsinjako kumatumiza magazi ku ubongo, ndipo m'bale wolowa m'chipinda amaona ngati madokotala akulimbanabe kuti munthu wake adzuke.

Maiko ayankha funso la chilolezo mosiyana. Ku Spain lamulo la 1979 limatenga munthu aliyense ngati wovomera pokhapokha anakana ali moyo, choncho kusunga kumayamba banja lisanafike, woweruza atadziwitsidwa. Akapanda kuletsa m'mphindi 15, amapitiriza. Koma ngakhale kumeneko satulutsa chiwalo banja lisanavomere. Mzinda wa New York unayesa njira ina kuyambira mu 2010: ambulansi yapadera imene inkayamba kusunga pokhapokha pali umboni wakuti malemu analembetsa kale kuti adzapereka. Patatha miyezi ingapo sanapeze impso ngakhale imodzi.

Pa zathu zino, njira ya ku Spain singayambe yabwera. Ino ndi nthaka imene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, ndi kumene kuphedwa kwa anthu achialubino chifukwa cha ziwalo kunachititsa Nyumba ya Malamulo kukhwimitsa lamulo la za matupi ndi ziwalo za anthu la Anatomy Act mu 2016. Banja lopeza machubu pamphechepeche pa m'bale wawo osauzidwa silidzamva za Maastricht. Lidzanena kuti akuchipatala amayamba kutenga ziwalo munthu asanazizire, ndipo mawu amenewo akafika kumudzi, odwala mtima adzayamba kukana ambulansi. Mfundo yotetezeka ndi iyi: popanda chilolezo cholembedwa ndi malemu, kapena mawu a m'bale woyenera ngakhale pa foni mboni zili pomwepo, musacheke. Ziwalo zambiri zidzatayika motero, ndipo tivomereze zimenezo.

Kulankhula ndi banja

Nkhani ndi ziwiri, ndipo zisasakanizidwe: ya imfa, ndi ya kupereka. Ya imfa imayamba, ndipo amaifotokoza ndi dokotala amene anayesa kudzutsa. Musanenere pakhonde. Lowani nawo m'chipinda, khalani pansi nonse, zimitsani foni. Mawu akhale osazungulira: "Mayi, pepani kwambiri. Bambo aja mtima wawo unaima. Tayesetsa kwa mphindi 40 koma sunadzuke. Atisiya nthawi ya 11:10." Mukatero khalani chete. Alire. Musanene kuti "zinthu sizili bwino" pamene munthu wamwalira kale, chifukwa mawu otere amasiya chiyembekezo, ndipo pempho la ziwalo likabwera pambuyo pake limamveka ngati mukufuna kumumaliza.

Wachiwiri kulowa ndi wogwirizanitsa za ziwalo, ndipo adzitchule kuti ndi ndani. Funso lake likhale lokhudza malemu: "Kodi bambo ananenapo za kupereka ziwalo? Inu mukuwadziwa bwino, akanakhala pano akanati chiyani?" Funso lotere limapeputsa katundu pa mayi wamasiye amene akuopa kuti akuchimuna adzati anagulitsa mwamuna wake. Za nthawi nenani zoona kamodzi: "Ngati n'kotheka, tiyenera kudziwa isanakwane 12:15, chifukwa ikadutsa impso sizigwiranso ntchito. Mukakana palibe chimene chisinthe pa kasamalidwe ka thupi." Musabwerezebwereze, musayang'ane pa wotchi iwo akuona, ndipo musatchule wodwala wina wake wa pa dayalisisi amene "akudikira inu". Kumeneko n'kukakamiza.

Ndani ali ndi mawu? Fomu ya chipatala imafuna dzina limodzi, koma maliro a kwathu kuno sakhala a munthu mmodzi. Mkazi ndiye ali pafupi, koma kwa Achewa mwinimbumba, kawirikawiri malume, ndiye amagamula za thupi ndi manda, ndipo m'mabanja a chitengwa akuchimuna ali ndi mawu awo. Funsani msanga: "Pa nkhani ngati iyi, kwanu amagamula ndani?" Muimbireni, foni ikhale pa sipika, namwino alembe dzina, ubale ndi nthawi. Wina wofunika akakana, kapena banja likagawikana, yankho ndi ayi. Chilolezo chopezeka pogonjetsa mbali imodzi ya banja chimasanduka mlandu wa kwa amfumu maliro asanathe.

Mafunso amene amabwera ndi odziwika, ndipo mayankho akhale okonzeka. Thupi lidzaoneka bwanji? Padzakhala msoko pamimba ndi pamphechepeche, wobisika akavekedwa, nkhope yosakhudzidwa, ndipo osambitsa adzauona, choncho auzidwiretu. Lidzatuluka liti? Perekani ola lenileni, makamaka kwa Asilamu amene amaika maliro mwamsanga, ndi kwa onyamula thupi ulendo wautali. Banja likafuna abusa, ansembe kapena shehe, aitanidwe, ngakhale nthawi itatha podikira. Banja lili ndi ufulu wopereka impso zokha n'kukana zina, ndipo zimene lavomera zilembedwe chimodzichimodzi.

Kwa amene foni yotere yawapeza kuchokera kunja: ku Wales kuyambira 2015 ndi ku England kuyambira 2020 lamulo limatenga wamkulu wokhala kumeneko ngati wovomera ngati sanakane, komabe banja limafunsidwa. Ku South Africa chilolezo chiyenera kuperekedwa. Funsani ngati mwana wanu analembetsa chilichonse, amene watsimikiza imfa ndi ndani, ndi ngati kupereka kuchedwetse kutumiza thupi kumudzi.

Apolisi, ndalama ndi wolandira

Imfa ya mwadzidzidzi nthawi zambiri imafuna kufufuzidwa. Ngati pali kukayikira kuti munthu wathiridwa poizoni, wamenyedwa, kapena wafera m'manja mwa apolisi kapena m'ndende, za ziwalo zisayambe, popeza madzi osungira amatsuka umboni m'magazi. Pa imfa zina, tengani magazi ndi mkodzo wa ofufuza musanathire kalikonse.

Ndalama zisalowepo, ngakhale zobisika m'dzina la chipepeso. Chikalata cha ku Istanbul cha 2008 ndi mfundo za World Health Organization za 2010 zimaletsa kugula ndi kugulitsa ziwalo. Kulonjeza bokosi, galimoto ya maliro kapena kukhululuka ngongole ya chipatala kwa okhawo amene avomera ndi kugula ndithu, ndipo ogulidwa amakhala osauka. Chitsanzo chabwino tili nacho kale: Malawi Blood Transfusion Service imatenga magazi kwa opereka mwaufulu osalipidwa. Mbali inayo ya chilungamo ndi kagawidwe. Mndandanda wa olandira ukhale wolembedwa kale, wotsata gulu la magazi, kugwirizana kwa thupi ndi nthawi imene munthu wadikira, ndipo ukhale wotheka kuunikidwa ndi anthu a kunja kwa chipatalacho. Impso za ogulitsa pamsika zikamathera mwa mabwana okhaokha, opereka adzatha.

Wolandira naye ali ndi ufulu wodziwa chimene akulandira. Impso yochokera ku imfa ya mwadzidzidzi kawirikawiri imachedwa kuyamba ntchito, moti munthu amakhalabe pa dayalisisi masiku kapena masabata angapo ataikidwa, ndipo ina siyamba n'komwe. Zimene zayamba zimatumikira bwino zaka zambiri. Chiwindi chimavuta kwambiri chifukwa timachubu ta ndulu timawonongeka ndi kusowa magazi, n'kumatsekeka patapita miyezi. Palinso vuto la mbiri: malemu sanafunsidwe za matenda awo, ndipo m'maola ochepa muyenera kuyeza HIV, hepatitis B ndi C, chindoko ndi malungo, ndi kufunsa banja za khansa, TB ndi mankhwala amene ankamwa. Kachilombo kotengedwa masiku ochepa apitawo kakhoza kusaoneka pa kuyeza kwachangu, ndipo wolandira auzidwe zimenezi asanasaine. Kukhala ndi HIV pakokha sikutsekeratu khomo: ku chipatala cha Groote Schuur, mu mzinda wa Cape Town, Dr Elmi Muller anayamba mu 2008 kuika impso za omwalira ali ndi HIV mwa odwala amene ali nayo kale.

Banja likavomera koma ziwalo n'kupezeka kuti sizingagwiritsidwe ntchito, zimene zimachitika kawirikawiri pa gulu limeneli, liuzidwe tsiku lomwelo ndi munthu yemwe uja anapempha, pamodzi ndi chifukwa chake ndi kumene ziwalozo zapita. Ngati zatulutsidwa kale, funsani ngati akufuna zibwezeredwe m'thupi lisanapite ku nyumba ya chisoni, ndipo mulembe yankho lawo pa fomu yomwe ija anasainira.